Agogo anataya ID, kodi Mtukula Pakhomo iwadumpha?

FUNSO: Zikomo akonzi. Agogo anga akusunga zidzukulu zinayi zamasiye, ndiye tamva kuti kumudzi kukubwera olemba maina mu kaundula uja wa boma wa UBR, amene amasankhiramo mabanja olandira ndalama za Mtukula Pakhomo, ndipo akuti akumafunsa nambala ya ID ya aliyense wa pakhomo. Vuto ID ya agogo inapita ndi madzi nthawi ya namondwe wa Freddy, ana aja nawo alibe ngakhale kapepala. Basi ndiye kuti zawadutsa? Wowerenga wa ku Phalombe.

YANKHO: Ayi mwanawe, usawataitse mtima agogowo. Ana osakwana zaka 16 sakhala ndi chiphaso cha unzika, chawo n'chiphaso cha kubadwa ndipo amapereka ndi a NRB, nthambi ya boma yomwe imaperekanso ma ID, ndiye palibe angawakakamize zidzukulu kutulutsa ID. Koma agogo poti ndiwo mutu wa banja nambala yawo ndiyofunikadi.

Chimene ambiri sadziwa n'choti khadi ikatayika nambala siitayika nayo. Ngati analembetsa mu 2017 muja dziko lonse linkajambulitsa, dzina lawo, chithunzi ndi zidindo za zala zonse zili mu kompyuta, khadi yatsopano idzatuluka ndi nambala yomweyo. Apite ku polisi akatenge lipoti loti inatayika, kenako ku ofesi ya NRB kwa DC, pamakhala kandalama kolipira ndiye afunsiretu, komanso asadikire tsiku la kalembera chifukwa khadi situluka lero ndi lero. Uyang'anenso m'mapepala akale, mwina fotokope ilipo penapake kapena munalembapo nambalayo nthawi ya feteleza wotsika mtengo.

N'chifukwa chani akuumirira nambala? Kumudzi kumodzi anthu atatu amatha kukhala ndi dzina limodzi, pomwe nambala ndi ya munthu mmodzi basi, ndiye imatseka mpata wa maina a mizukwa ndi olandira kawiri. Komanso m'madera ambiri ndalamazi zikudzera pa foni kapena ku banki, ndipo simukadi kapena akaunti sungatsegule opanda ID. Apa ndiye chenjera, dzina la mu kaundula lifanane ndendende ndi la pa chiphaso, osati uku dzina la mfunda uko dzina la ubatizo, anthu amabwerera chimanjamanja pa kachilembo kamodzi kokha.

Koma ndisakunamize, kulembedwa mu UBR sikuti walowa kale mu Mtukula Pakhomo. Itayamba ku Mchinji mu 2006, kwa zaka zambiri pologalamuyi inkatenga mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pafupifupi khomo limodzi pa makomo 10 alionse. Agogo ngati akowa ndi amene amawaganizira, komabe kusankha kuli ndi ndondomeko yake.

ID ikatuluka asamapereke kwa a katapila ngati chikole, zimenezi zachuluka. Ndipo wina akati mupereke kangachepe kuti dzina lilowe, kanene ku komiti ya m'mudzi kapena ku ofesi ya Social Welfare ku boma, kulembetsa ndi kwaulere.