Kodi kuyamba ndi mayeso kumakonzadi kapangidwe ka pulogalamu?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Kuntchito kwawo akuluakulu akuti aliyense azilemba mayeso (timapulogalamu toyesa ngati khodi ikuchita zoyenera) asanalembe khodi, yomwe ndi malangizo opanga pulogalamuyo, ati pulogalamu imamangika bwino, koma iye akuona ngati nkutaya nthawi chabe. Akufunsa kuti akulondola ndani.

Anzanga, tiyeni tione chitsanzo. Mukulemba function (kagawo ka khodi kogwira ntchito imodzi) yowerengera chindapusa cha munthu amene wachedwa kubweza buku. Mukayamba ndi khodi, dzanja limathamangira kufunsa wotchi ya kompyuta kuti lero ndi pa chiyani, kenako kutenga zolembedwa mu database (mosungira zolembedwa za pulogalamu), zonse m'kati mwa function imodzimodziyo. Zimagwira ntchito ndithu. Koma mukayamba ndi mayeso, mumakakamira pa mzere woyamba: ndiyesa bwanji munthu wochedwa masiku 10, wotchi ikungodziwa za lero? Mumakakamizika kupereka tsikulo kuchokera kunja, ndipo posakhalitsa kuwerengera kwaima pakokha, kutali ndi wotchi ndi database. Phindu lenileni ndi limeneli: khodi yolumikizana mopitirira muyeso imakuvutitsani lero lomwe, osati chaka chamawa.

Kent Beck, amene anafalitsa njirayi cha mu 2002, anaiika m'magawo atatu: lembani mayeso olephera, lembani khodi yochepa yowapambanitsa, kenako konzani kalembedwe ka khodiyo osasintha zimene imachita. Kapangidwe kamabadwira pa gawo lachitatu, ndipo ndi lomwe anthu amalumpha nthawi ikawathina. Mayeso salingalira m'malo mwanu.

Kukayika kwanu kuli ndi maziko. Mu 2014 David Heinemeier Hansson, mlengi wa Ruby on Rails (chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti), anadandaula kuti anthu akuduladula mapulogalamu ndi kuwadzaza ma mock (zinthu zongoyerekezera zoimira zigawo zenizeni poyesa) pofuna kungosangalatsa mayeso. Zimenezi zimachitikadi: mumasintha dzina la function imodzi, mayeso ambirimbiri n'kugwa, pulogalamu ili bwinobwino. Kafukufuku wa 2008 pa magulu a ku Microsoft ndi IBM anapeza kuti zolakwika zinachepa ndi 40 mpaka 90 peresenti, koma ntchito inatalika ndi 15 mpaka 35 peresenti. Dziwani kuti anayeza kuchuluka kwa zolakwika, osati ubwino wa kapangidwe.

Ine pa malamulo owerengera, monga ndalama ndi masiku, ndimayamba ndi mayeso. Pokonza maonekedwe a sikirini, kapena pofufuza library (khodi yolembedwa kale ndi ena) yomwe sindinaizolowere, ndimayamba ndaseweretsa khodi kaye, mayeso n'kubwera ndikadziwa chimene ndikumanga. Auzeni akuluakuluwo kuti muyambire pa mawerengero, muone ngati ma function anu ayamba kufupika.