Kabowa komwe kalinso ndere

Funso: Mwana wanga amene akuphunzira ku Norway wanditumizira chithunzi cha kabowa komera pachipika chowola, akuti ndi ndere. Zingatheke bwanji? Mayi a ku Chilenje, Lusaka.

Yankho: Mayi, mwana wanuyo sakunama. Kabowa kotere, monga Lichenomphalia umbellifera, kamakhalira limodzi ndi tizomera tobiriwira totchedwa Coccomyxa, timene timakapangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Bowa wokhalira limodzi ndi tizomera totere ndi amene tikumutcha ndere pano. Kamakonda malo ozizira achinyezi a ku Scandinavia (dera limene kuli Norway), Scotland ndi Canada. Chipewa chake n'chachikasu moderako, cholowa pakati ngati mchombo, ndipo kawirikawiri sichipitirira masentimita 2 kukula kwake. Komabe chizindikiro chimene ine ndimachidalira kwambiri chili pansi. Muuzeni ayang'anitsitse pamene pamera tsinde, ndipo akaonapo timibulu tobiriwira tothithikana, adziwe kuti wapezadi ndere.