Laputopu yanga ikukwawa ngati kamba, ndiikemo Linux iti?

FUNSO: Muli bwanji a mkonzi. Ine ndili ndi kashopu ku Kapata kuno ku Chipata, ndimataipa ma CV, makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro komanso kupulinta. Laputopu yanga ndi yakalekale, RAM ndi 2GB, muli Windows 7, masiku ano ukaiyatsa umatha kusesa shopu yonse iyo isanatseguke ndipo kasitomala amangotembenuka kupita kwina. Mwana wa achemwali anga akuti ndiikemo Linux yaing'ono, wanditchulira Puppy, Tiny Core, Lubuntu, antiX, Mint, ine mutu wangozungulira. Ndalama yogulira ina ndilibe. Kodi ndingosankha yaing'ono kuposa zonse? Ndine mayi wa ku Kapata.

YANKHO: Mayi, zikomo potilembera, ndipo mwanayo sanakunamizeni. Windows 7 a Microsoft anasiya kuisamalira mu Januwale 2020, ndiye mafulashi a makasitomala omwe mumalowetsa tsiku ndi tsikuwo akhoza kukubweretserani ma virus nthawi ina iliyonse. Windows 10 nayo anaisiya mu Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna RAM (malo omwe kompyuta imaikamo zomwe ikugwira panthawiyo) yosachepera 4GB, yanuyo siingakwanitse. Linux, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo ilipo ya makina ngati anuwo.

Koma zoti musankhe yaing'ono kuposa zonsezo ayi, pamenepo ndakana. Tiny Core ndi kanthu kochepa zedi, sikafika ndi 30MB komwe, koma mukakayatsa mupeza m'nyumba mopanda mpando, mopanda mbale, chilichonse muzichita kudawunilodi ndi kulumikiza nokha, si za munthu amene kasitomala waima pakhomo akudikira kalata. Puppy, yomwe anaiyambitsa Barry Kauler wa ku Australia mu 2003, imathamanga bwino chifukwa imadzilowetsa yonse mu RAM, ine ndimaikonda populumutsira mafayilo pa kompyuta yomwe yakana kuyaka, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku imakhala ndi tinjira take tachilendo tomwe munthu wozolowera Windows amatopa nato.

Kwa inu nkhani ili pa zitatu zotsalazo. Linux Mint ya Xfce (mtundu wa Mint wopepukirapo) ndiyo imafanana kwambiri ndi Windows 7, ka menyu pansi kumanzere komwe dzanja lanu linazolowera, ndipo eni ake amati 2GB ndi yochepetsetsa yomwe ingayende, 4GB ndiye mumapuma bwino. Lubuntu ndi yopepukirapo pang'ono. antiX ndiyo yopepuka kwambiri pa zitatuzi, inamangidwa pa Linux ina yotchedwa Debian, imayenda ngakhale pa 512MB, maonekedwe ake ndi achikale koma ntchito imagwira. Chinanso, Mint ndi Lubuntu zatsopano zimafuna makina a 64-bit basi, ndiye ngati laputopu yanu ndi imodzi mwa tija ting'onoting'ono ta Intel Atom toyambirira, ta 32-bit, zikana kuyaka, apo antiX ya 32-bit ndiyo yanu.

Tsono chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi, musafufute kalikonse musanayese. Mwana uja atenge fulashi ya 8GB, aikemo Linux pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus kapena ya Ventoy, kenako poyatsa laputopu muzidina F12, F9 kapena Esc malinga ndi mtundu wake mpaka ikufunseni koyambira, musankhe fulashiyo. Linux iyaka kuchokera pa fulashi, Windows yanu ndi mafayilo anu zili phee osakhudzidwa. Muli momwemo lumikizani pulinta yanu, pulintani tsamba limodzi, yesani sikana ngati muli nayo, yesani Wi-Fi kapena hotspot ya pafoni. Pulinta ndiye khasu lanu mayi, Linux yomwe yakana pulinta yanu ngakhale ithamange chotani ilibe phindu pa shopupo. Mapulinta ambiri a HP amavomera msanga, ena amafuna dalaivala (kapulogalamu koyendetsa pulinta) yochita kusaka, ndiye zimenezi muzidziwiretu pa fulashi osati Lolemba m'mawa anthu ali pamzere.

Za kutaipa, Mint ndi Lubuntu zimabwera ndi pulogalamu yotaipira ya LibreOffice, imatsegula mafayilo a Word ndipo posunga mukhoza kusankha docx kuti kasitomala akatsegule kwina. Nthawi zina CV yokhala ndi matebulo ambiri imasuntha pang'ono, mzere womwe unali pa tsamba loyamba n'kugwera pa lachiwiri, ndiye zomwe zatha kukonzedwa muzizisunga ngati PDF, sizisunthanso. Koma ngati makhadi a ukwati mumapangira mu Publisher kapena CorelDRAW, dziwani kuti amenewo pa Linux kulibe, mufunika kuphunzira Scribus kapena Inkscape omwe amagwira ntchito yofananayo, ndipo zimatenga masabata kuti dzanja lizolowere. Izi anthu ambiri okonda Linux sanena, amangoti ikani ikani, munthu n'kudzalira pambuyo.

Musadabwenso mukaona kuti Linux yayaka mofulumira koma mukatsegula Facebook, YouTube ndi Gmail nthawi imodzi yayambanso kukwawa. Wodya RAM kwambiri ndi browser, pulogalamu yotsegulira intaneti, kaya Firefox kaya Chrome, pa 2GB matabu awiri atatu basi. Mukapeza kangachepe funsani okonza makompyuta m'tauni ngati RAM ingakwezedwe kufika 4GB, ndiponso kuika SSD, chosungira mafayilo chothamanga, m'malo mwa hard disk yakaleyo, kusintha kwake mudzakuona pa kuyatsa koyamba komwe.

Bandulo nayo muiganizire, Mint ndi Lubuntu iliyonse ndi pafupifupi 3GB, ndiye musadawunilodi zonse zisanu. Yambani ndi Mint Xfce, ikalemera tsikirani ku antiX. Tsiku loika zenizeni, koperani kaye mafayilo onse a makasitomala pa fulashi ina, ndipo ngati batire la laputopuyo linafa kale sankhani nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi sathima, chifukwa akathima pakati pa kuika mutsala opanda Windows opanda Linux, muyambiranso poyamba. Mutilemberenso mutiuze mtundu wa pulinta yanu ngati yavuta.