Kupeza anzanu a ku Chanco patatha zaka zambiri

Achimwene, mwafunsa kuti mungawapeze bwanji anzanu omwe munamaliza nawo ku Chancellor College m'ma 1990, poti manambala onse anatayika. Yambani ndi Facebook. Azimayi muwafufuze ndi mayina awiri, la bambo awo ndi la amuna awo, chifukwa ambiri anasintha atakwatiwa. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2021 Chanco ndi University of Malawi ndipo Poly ndi MUBAS, ndiye ena analemba mayina atsopanowo.

Mukapeza atatu okha, tsegulani gulu la WhatsApp, wina adzakoka mnzake. Vuto limabwera pambuyo. Magulu otere amasanduka a maliro okhaokha: lero chipepeso pa Airtel Money, mawa pa Mpamba, mpaka anthu amangowerenga osayankha. Msungichuma azilemba poyera ndalama zalowa ndi zatuluka. Ndale ziletseni poyambirira, makamaka nthawi ya zisankho, zimabalalitsa anthu msanga.

Kukumana maso ndi maso ku Zomba konko ndiye kwabwino. Koma musaike chopereka chokwera. Mnzanu wophunzitsa ku sekondale ya kumudzi sangafanane ndi wa ku London kapena Johannesburg, ndipo akachita manyazi sabweranso. A kunjawo amulipirire mwakachetechete.