Musandifunse za graphics card musanandiuze za power supply

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene akufuna kudzilumikizira yekha kompyuta ya patebulo. Ndalama n'zochepa, cholinga ndi magemu komanso kukonza mavidiyo mwa apo ndi apo. Watumiza mndandanda wa zida: graphics card (chida chojambula zithunzi za pa sikirini) yomwe yameza pafupifupi theka la ndalama zonse, processor ya Ryzen 5 5600, RAM imodzi ya 16GB, hard drive ya 1TB, ndipo pamzere womaliza walemba kuti, "Power supply: iliyonse yotchipa, bola ikhale 600W." Power supply ndi bokosi lomwe limalandira magetsi a pakhoma n'kugawira zida zonse za m'kompyuta. Funso lake n'lakuti achepetse pati kuti agule graphics card yokulirapo.

Achimwene, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambire pamzere womalizawo, chifukwa wandikanda pachilonda.

Panali nthawi imene ndinkakonzera anthu makompyuta madzulo ndikaweruka kuntchito. Tsiku lina kunabwera mnyamata wamsinkhu wanu atakumbatira case yake, bokosi la kompyuta, nkhope ili ndwii. Anati anali pakati pa gemu, anangomva kuti phwa, sikirini n'kuchita bii, kenako kautsi n'kutuluka kumbuyo. Nditachotsa chivundikiro cha m'mbali, fungo la pulasitiki wopserera linandilandira. Mkatimo munali graphics card yabwino ndithu, yomwe anaisungira ndalama kwa nthawi yaitali akudzimana zina zonse. Ndinamasula power supply n'kuinyamula. Kupepuka kwake! Yabwino imalemera m'manja chifukwa cha transformer, zitsulo zoziziritsira ndi ma capacitor akuluakulu omwe amakhala mkati. Iyi inali ngati chitini chopanda kanthu.

Papepala lomatidwa m'mbali mwake analembapo 600W ndi zilembo zikuluzikulu. Koma pakatebulo ka manambala ang'onoang'ono pansi pake, mphamvu zambiri anaziika pa 3.3V ndi 5V, pa 12V n'kusiyapo zochepa. Tsono m'makompyuta a masiku ano, zida ziwiri zomwe zimadya magetsi kwambiri, processor ndi graphics card, zimakoka pa 12V. Ndiye kuti 600W ija inali yongopusitsa maso. Ndinatsegula bokosilo kuti ndione, ndipo inu musadzayerekeze kuchita zimenezi, chifukwa ma capacitor amasunga magetsi ngakhale pulagi mutaizula. Ena anali atatupa pamwamba. Pa board pankaoneka malo ojambulidwa a zida zomwe sanaziike n'komwe, anangodumphitsapo kawaya. Power supply yabwino ikaona kuti magetsi akwera kupitirira muyeso kapena mawaya agundana, imadzizimitsa yokha, zida zina n'kupulumuka. Iyi pofa inapita ndi motherboard komanso graphics card. Processor ndi RAM zokha ndi zomwe zinatsala.

Mnyamata uja anandifunsa ngati angakadandaule kwa omwe anaipanga. Tinatembenuza bokosilo mbali zonse, dzina la kampani osalipeza. Anakhala pampando akupukuta fumbi pa card yakufayo ndi chala, osalankhula. Ine ndinasowa chonena, ndipo ndalama ya ntchito sindinamutchulire.

Kuchokera pamenepo, pankhani iyi sindinyengerera munthu. Amene akuti ndalama ya power supply yabwino alibe, ndiye kuti ndalama ya graphics card alibenso. Ayambe wadikira. Ndikunena motsindika chifukwa chida chimenechi chikalakwa chimatha kupha zinzake. RAM ikavuta, kompyuta imangozima kapena kuonetsa sikirini yabuluu, mumasintha. Fani ikaima, processor imadzichepetsa liwiro yokha. Koma chida chomwe chimalandira magetsi a pakhoma n'kugawira china chilichonse mkatimo, n'chimene anthu amachigula ndi ndalama zotsala. Sindimvetsa, ndipo ndasiya kuyesa kumvetsa.

Mwina ndikudziwa kumene zimachokera. Mavidiyo a pa YouTube oyerekeza zida amangoonetsa mizere ya mafelemu pa sekondi: card iyi yaposa iyo, iyo yaposa inayo. Power supply siwonjezera felemu ngakhale imodzi, choncho ilibe mzere wake, ndipo wachinyamata amene waonera mavidiyo oterowo usiku wonse amadzuka akulota card basi. Saona kuti oyesawo amaika card ija pa processor yodula kwambiri, ndi RAM yothamanga, ndi power supply yomwe mtengo wake ungagule theka la kompyuta yanu. Ndiyenso pali nkhani ya nyali zamitundumitundu ndi case yagalasi kutsogolo. Galasi lija limatseka mpweya, achimwene. Case yotchipa yokhala ndi timabowo kutsogolo ndi mafani awiri imaziziritsa bwino kuposa yokongola yotsekeka. Koma tisapite kumeneko, ndingalembe mpaka mawa.

Mudzaona chizindikiro cha 80 Plus pamabokosi ambiri, ena Bronze, ena Gold. Anthu amachitenga ngati umboni wa kulimba, pomwe chimangonena za kusawononga magetsi: kuti pa magetsi omwe yakoka pakhoma, osachepera 80% akufika ku zida zanu, otsalawo n'kusanduka kutentha. Sichikuuzani ngati ma capacitor ndi abwino kapena ngati zotetezera zilimo. Ine ndimayang'ana zinthu zina: dzina la kampani lodziwika, waranti ya zaka 5 kapena kuposa, ndi mphamvu ya pa 12V yomwe ikuyandikira nambala yaikulu yolembedwa pabokosi. Ngakhale makampani odziwika monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master ali ndi mitundu yosiyanasiyana, choncho fufuzani za mtundu weniweniwo, osati dzina lokha. Ndipo musathamangire nambala yaikulu. Ryzen 5 5600 ndi ya 65W, card ya Radeon RX 6600 imadya 132W, ya GeForce RTX 3060 imadya 170W. Onjezanipo motherboard, RAM, SSD ndi mafani, simudutsa 350W. Ya 550W yabwino ikukwanirani, malo n'kutsalako.

Poti ndatchula SSD, chosungira mafayilo chopanda zozungulira mkati: hard drive ija ichotseni pamndandanda. Hard drive ili ndi mbale zozungulira ndi kamutu koyendayenda, ndipo ikathamanga kwambiri imawerenga cha m'ma 150 mpaka 200MB pa sekondi. SSD ya SATA imafika cha m'ma 550MB, ya NVMe yolowa pa kampata ka M.2 ka pa motherboard imafika cha m'ma 3,500MB ngakhale pa PCIe 3.0. Kusiyana kumeneku mumakumva tsiku lililonse, poyatsa, potsegula pulogalamu, pokoka vidiyo. Palibe graphics card yomwe ingakupatseni chisangalalo chotere pa ndalama yomweyo. Ngati ya 1TB yakukanikani, yambani ndi ya 500GB. Hard drive idzabwera pambuyo ngati nkhokwe ya mavidiyo omalizidwa.

RAM imodzi ya 16GB nayonso ayi. Gulani ziwiri za 8GB zogulitsidwa pamodzi, kuti processor izilankhula nazo panjira ziwiri nthawi imodzi. Pa motherboard yamipata inayi, nthawi zambiri zimalowa mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa processor, koma onani kabuku kake. Mukayatsa koyamba, lowani mu BIOS, pulogalamu ya mu motherboard yosinthira kagwiridwe ntchito ka zida, n'kutsegula XMP, yomwe imalola RAM kuthamanga pa liwiro lake lolembedwa; ma board ena amaitcha DOCP. Mukapanda kutero, RAM yomwe mwaigula ngati ya 3200 iziyenda pa 2133 kapena 2400, inu osadziwa. Ndatsegulapo makompyuta ambiri omwe eni ake anawagwiritsa ntchito zaka RAM ikuyenda mokwawa chonchi.

Processor ndi motherboard

Apa mwasankha bwino, sindikutsutsani. Socket ya AM4, malo a pa motherboard omwe processor yanuyi imalowa, inatuluka mu 2016 ndipo AMD inapitiriza kuipangira ma processor kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake ma board ake ndi RAM ya DDR4 zili ponseponse. Ryzen 5 5600, ya mu 2022, ili ndi ma core 6 ndipo imabwera ndi choziziritsira chake m'bokosi, musagulenso china. Board ya B550 ya micro-ATX ndi yokwanira. Ya B450 imagwiranso ntchito, kungoti ina imafuna kuti BIOS ikonzedwe kaye isanazindikire processor imeneyi, ndipo ngati ilibe batani lokonzera BIOS popanda processor, mudzakhala mukuyang'ana sikirini yakuda tsiku loyamba lomwelo. Funsani musanalipire.

Dziwaninso kuti 5600 payokha sionetsa chithunzi, imafuna card. Mnzake 5600G ali ndi zojambulira mkati mwake, moti mutha kuyamba naye popanda card n'kudzaigula mtsogolo, ngakhale cache yake, kankhokwe kothamanga ka m'kati mwa processor, ndi 16MB pomwe ya 5600 ndi 32MB. Ku Intel n'chimodzimodzi: iliyonse yothera ndi F, monga Core i3-12100F kapena i5-12400F, imafuna card. Ma board a socket yawo, ya LGA1700, alipo a DDR4 ndi a DDR5, ndipo mitundu iwiriyi silowana, kampata kake kali pamalo osiyana. Socket ya AMD ya AM5, ya mu 2022, imalandira DDR5 yokha. Ndi yabwino, koma siya munthu amene akuwerenga ndalama pogula power supply.

Wina akuuzani kuti mugule kompyuta yakale ya mu ofesi n'kuikamo card. Chenjerani pawiri. Zambiri mwa izo zili ndi power supply yamapulagi akeake omwe salowana ndi wamba, ndipo case yake imakhala yopanikiza. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pomwe Windows 11 imafuna chida chachitetezo chotchedwa TPM 2.0 ndi processor yoyambira pa m'badwo wa 8 wa Intel kapena Ryzen 2000. Zida zogwiritsidwapo kale sindidana nazo: processor, RAM ndi case ndingagule mosaopa, card ndingagule nditaiona ikugwira ntchito pa gemu mpaka itatentha. Power supply yakale ayi, ngakhale mutandipatsa ulere.

Tsono yankho la funso lanu: musachepetse paliponse pofuna kukulitsa card. Card yomweyo ndiyo muichepetse. Ngati sikirini yanu ndi ya 1080p, RX 6600 ya 8GB ikwanira magemu ambiri. Musatsike mpaka pa RX 6500 XT, chifukwa nthawi zambiri imakhala ndi 4GB yokha, imagwiritsa ntchito njira zinayi zokha za PCIe, ndipo ilibe chida chofinyira mavidiyo, chomwe inu wokonza mavidiyo mudzachifuna. Ndalama yomwe yatsalayo ipite ku power supply ya 550W yadzina, SSD ya NVMe, ndi RAM ziwiri za 8GB DDR4-3200. Musanagule, ikani zonse pa webusaiti ya PCPartPicker ikuuzeni ngati zikulowana, ndipo yezani kutalika kwa card poyerekeza ndi malo a m'case. Mukamaliza kulumikiza, chingwe cha sikirini chilowe pa card, osati pa motherboard, apo ayi 5600 sikuonetsani kanthu.

Simunandiuze kuti sikirini yanu ndi yotani. Ngati ndi ya 1440p, ndilembereninso, chifukwa pamenepo nkhani ya card isintha.