Magazi akakana munthu: yankho kwa asisi a salaula ku Soweto

Asisi, mwati mtsikana amene mwamulemba ntchito pa salaula yanu (malonda a zovala za kaunjika) ku msika wa Soweto ku Lusaka akangoyandikira, thupi limalemera, mumachita tsemwe, ndipo wina akufuna ndalama kuti akuwerengereni "aura" yake, mphamvu imene amati imazungulira thupi la munthu. Ndalamazo musapereke.

Zimene mukumvazo sindikuzikana. Akuluakulu ankati "magazi athu sagwirizana", ndipo nthawi zambiri thupi limayamba kuona mutu usanazindikire: maso othawathawa, kuseka kwa mano okha, mawu osintha nkhani ikafika pa ndalama. Mayi wina amene tinkachita naye chilimba (kusonkherana ndalama mosinthana) ku Chilenje, mtima wanga unamukana tsiku loyamba lomwe. Patapita miyezi ndinazindikira chifukwa chake: ankayankha chilichonse msangamsanga, koma ukafunsa tsiku lopereka ankayamba kuyang'ana pafoni. Komabe mtima womwewu unandinamizapo. Neba wanga ndinamupewa chaka chathunthu, chonsecho mawu ake ankangofanana ndi a mphunzitsi amene ankandikwapula ku pulayimale. Mwana wanga atadwala usiku, ndi iyeyo amene anatithamangitsira kuchipatala, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti ndinamuganizira zoipa.

Za owerenga mphamvu za anthu, ku America mtsikana wa zaka 9, Emily Rosa, anayesa anthu 21 amene ankati amamva mphamvu ya thupi la munthu ndi manja osamukhudza. Anawabisa maso ndi chotchinga, n'kumaika dzanja lake pamwamba pa limodzi la manja awo kuti anene ndi liti. Pa maulendo 280 analondola 123 okha, osafika ngakhale theka. Zotsatirazi zinatuluka mu 1998 m'magazini ya madokotala ya JAMA.

Ine ndikanakhala inu, ndikanatenga kabuku. Kwa masabata awiri, lembani nthawi imene thupi lalemera ndi chimene mtsikanayo anachita kapena kunena nthawi imeneyo. Werengani zovala m'mawa ndi madzulo. Ngati pali chinyengo chidzaoneka m'kabukumo, ndipo mudzakhala ndi poyambira polankhula naye. Ngati palibe, dzifunseni kuti akukukumbutsani ndani.

Chonde, mawu akuti "ali ndi zinthu" asatuluke pakamwa panu pamsika. Soweto imafalitsa nkhani ngati moto wa m'tchire, mwana wa eni ake sadzapezanso ntchito, ndipo lamulo la Witchcraft Act kuno ku Zambia limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Mwanenanso kuti nthawi zina mumaona timagetsi tophethira ndi mizere yokhotakhota kuzungulira anthu, kenako mutu umakuwawani. Izi zandidetsa nkhawa kuposa za mtsikanayo. Madokotala nawonso amazitcha "aura", ndipo zimabwera mutu waching'alang'ala usanayambe, kapena kwa ena asanagwe khunyu. Pitani ku kiliniki sabata ino, muwauze kuti zimatenga mphindi zingati komanso zimabwera kangati pamwezi, akuyezeninso BP ndi shuga.