Bambo akuti udokotala basi, mayi akuti chipatala ayi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Bangwe. Wakhoza MSCE ndi mapointi 17, sayansi yonse anaimenya bwino, koma ku KUHeS, yunivesite yophunzitsa madokotala, sanamutenge. Bambo ake akuti abwereze Fomu 4 mpaka apeze malo a udokotala. Mayi ake akuti asayerekeze ntchito ya chipatala, poti anaona momwe Covid-19 inkagwetsera ovala zoyera. Mwanayo akufunsa ngati kukaphunzira ukilinikolo ofisa (ntchito yopima ndi kuchiza odwala, koma yocheperapo pa udokotala) ku Malawi College of Health Sciences n'kudzitsitsa, komanso ngati sikudziponya pamoto.

Makalata otere ndimalandira ambiri, ndipo amandinyong'onya chifukwa mwana ndiye amakhala womaliza kufunsidwa.

Ndiyambe ndi inu bambo. Malo a udokotala ndi ochepa, ndipo amalimbirana ana a mapointi 6, 7, 8. Kubwereza kuti achoke pa 17 kufika pamenepo zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Mukufuna tsogolo la mwanayu, kapena mukufuna kuti kumudzi azikuitanani kuti bambo ake a dokotala? Blantyre ilibe chipatala cha boma chaching'ono ngati maboma ena. Munthu akadwala ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni kapena Limbe, amayambira pa health centre, ndipo womuona koyamba ndi namwino, medikolo asisitanti kapena kilinikolo ofisa. Ku chipatala chachikulu cha Queens amapita ndi kalata yolembedwa ndi anthu amene mukuwapeputsawa.

Inu mayi, mantha anu sindikuwaseka. Covid-19 inapezeka m'dziko muno pa 2 April 2020, ndipo mwezi womwewo ogwira ntchito zachipatala ananyanyala ntchito kufuna zodzitetezera ndi ndalama ya ukadziotche. Mu January 2021 mpweya wa okisijeni unavuta, nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi. Pa health centre zinali chonchi: munthu walowa akutsokomola, thupi moto. Ndi malungo, chibayo, TB, kapena Covid? Kachipinda n'kothina, panja mabenchi adzaza, kampopi kosambira m'manja kauma. Ukaona kuti akubanika, udikire ambulansi imene mwina yapita kwina kapena ilibe mafuta. Pomwepo amayi oyembekezera sanasiye kubereka, ana a sikelo akubwerabe, a ma ARV akufuna mankhwala awo. Poweruka, azachipatala ena ankawakana mu minibasi ati abweretsa matenda. Tisanapume, kolera inabuka ku Machinga mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, ndipo omwewo anali m'matenti, kuika madiripu usiku wonse, kununkha kolorini.

Komatu mayi, mliri susankha nyumba. Amene anaphunzira kuvala ndi kuvula magulavu moyenera, amene amadziwa kupatula wotsokomola asanakhale pamzere, amakhala ndi chishango chimene wogulitsa mumsika wa Limbe alibe. Katemera wa Covid-19 atafika mu March 2021, azachipatala anali m'gulu loyamba kubayitsa. Chimene anthu awa amasowa kwambiri ndi zipangizo, anzawo osinthana nawo, tulo, ndi abale osawathawa akabwera kunyumba. Chomalizachi chili m'manja mwanu.

Tsopano iwe mwana wanga. M'kalata mwako watchula jasi yoyera kawiri ndi London kamodzi, koma wodwala sunamutchule. Zimenezo zandidetsa nkhawa. Ntchitoyi ndi masanzi, mafinya ndi kuuza mayi kuti mwana wake watisiya. Malipiro ndi ochepa. Ukamaliza usaganize kuti boma likulemba mawa lake. Ambiri amakhala pakhomo ndi dipuloma, kudikira. Akakulemba, akhoza kukuponya ku Mdeka kapena ku Nsanje, kumene usiku ukhoza kusoka bala ndi tochi ya foni.

Ngati wawerenga zonsezi ndipo mtima udakalipo, pita. Dipuloma ndi zaka zitatu, kenaka umagwira ntchito moyang'aniridwa usanalandire chilolezo chonse ku Medical Council of Malawi. Ku koleji ya Malamulo ku Thyolo amaphunzitsanso zomwezi. Njira sitsekekera pamenepo: makilinikolo ofisa amabwerera ku KUHeS kukachita digiri ya opaleshoni, matenda a ana kapena za amayi oyembekezera, ndipo m'maboma ambiri ndi iwo amene amachita opaleshoni yobereketsa.

Usanalembe fomu, tenga mayi ako mupite pa health centre ya kwanuko Lolemba m'mawa, nthawi imene mzere umafika kugeti. Pemphani kulankhula ndi kilinikolo ofisa akapeza mpata, mumufunse za 2021. Ndipo koleji iliyonse imene ungasankhe, yamba wafunsa ku Medical Council ngati ndi yovomerezeka bambo asanalipire ngakhale tambala.